Musafulumire kubaya reset pa print server

Ndatopa nayo nkhani imeneyi. Printa ya mu ofesi ikangoleka kusindikiza, wina amatenga kawaya n'kubaya kabowo ka reset kuseri kwa print server, kabokosi kolumikiza printa ku netiweki, kenako mpamene amandiimbira foni. Pofika ine, zonse zimene anasunga m'menemo munthu amene anaiika zimakhala zitafufutika.

Nthawi zambiri kabokosiko kamakhala kalibe vuto. Chasowa ndi adiresi yake ya IP basi, nambala imene makompyuta amakapezera pa netiweki. Magetsi akazima n'kuyakanso, rauta imatha kugawa maadiresi mwatsopano, makompyuta n'kumasakabe printa pa adiresi yakale.

Yambani mwakafunsa kabokosi komweko. Ma HP JetDirect ambiri oima paokha ali ndi batani lolembedwa Test. Mukalidina, printa imatulutsa pepala losonyeza adiresi, subnet mask ndi gateway. Pepalalo likasonyeza 192.0.0.192, kapena adiresi yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti rauta sinakapatse adiresi, choncho yang'anani waya. Ngati batani palibe, katembenuzeni. Pansi pamakhala kapepala komata kolembedwa MAC address, zilembo ndi manambala 12 pamodzi. Ifufuzeni mu rauta pa mndandanda wa DHCP, wosonyeza zipangizo zimene rautayo yazipatsa maadiresi. Apo ayi, yendetsani Angry IP Scanner, pulogalamu yosaka zipangizo pa netiweki, muone chipangizo chimene chikuyankha pa port 9100, kenako lembani arp -a mu Command Prompt kuti mutsimikize kuti MAC ikufanana.

Zovuta kwenikweni ndi zakaunjika zochokera ku Johannesburg kapena ku Britain. Izi zimabwera zili ndi adiresi yokhazikika ya kampani yakale, mwina yoyamba ndi 10, pomwe netiweki yanu ili pa 192.168. Mungasake tsiku lonse, simungaipeze. Lumikizani kabokosiko ndi laputopu mwachindunji pa waya umodzi, tsegulani Wireshark (pulogalamu yoonetsa mauthenga odutsa pa waya), kazimitseni n'kukayatsanso. Ambiri akamayaka amatumiza uthenga wa ARP wokhala ndi adiresi yawo, ndipo adiresi imaoneka pomwepo. Ipatseni laputopu adiresi yoyandikana nayo, lembani adiresi ya kabokosiko pa browser, mulowe muisinthe.

Nkhani imene imandiwawabe mpaka lero ndi ya sukulu ina ya sekondale. Mayeso a teremu anali pafupi, printa yaleka. Mnyamata wina wodzitcha katswiri anabaya reset, sizinatheke. Ndiye anawauza aphunzitsi kuti kompyuta ili ndi vayirasi, n'kuikamo Windows yatsopano osasunga kanthu kalikonse. Mafunso onse amene aphunzitsi anataipa usiku ndi usiku anapita. Ndalama analandira. Chikhalirecho adiresi ya printayo inali italembedwa mu kompyuta yomweyo, pa Printer properties, pansi pa Ports. Akanangotsegula pamenepo, akanadziwa poyambira. Aphunzitsiwo anandiitana patadutsa sabata, atalembalemba kale zina pa disiki, moti zoti n'kubweza zinali zochepa kwambiri.

Munthu akakuuzani kuti afufute kompyuta chifukwa printa sikusindikiza, mufunseni kaye adiresi ya printayo. Akalephera kuyankha, asakhudze chilichonse. Ndipo mafayilo akafufutika mwangozi, zimitsani kompyutayo nthawi yomweyo, muitane wodziwa tsiku lomwelo.

Reset ili ndi nthawi yake, makamaka pamene password yaiwalika, koma sindikizani kaye pepala lija musanabaye. Adiresi mukaipeza, ikhazikitseni mu rauta kuti isamasinthe magetsi akazima, ndipo muilembe pa kapepala mumate pamwamba pa printayo.