Chidole chopanda kanthu m'kati, koma akuluakulu akuchilimbirana

Ntchito yanga ndi ya zikombole za pulasitiki. Munthu akandipatsa chidole cha chilombo cha ku Japan n'kundifunsa chifukwa chake chimadula chonchi, sindithamangira kuona nkhope yake. Ndimachitembenuza, kuyang'ana kuphazi kumene kuli dzina la kampani, kenako ndimayendetsa chala m'mbali kufunafuna msoko. Msokowo sindiupeza, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Zidolezi eni ake amazitcha sofubi, kutanthauza pulasitiki yofewa. Zinatchuka mu 1966, pamene kampani ya Marusan ya ku Tokyo inayamba kugulitsa zilombo za m'masewero a pa TV a Ultra Q ndi Ultraman, komanso Godzilla, chilombo cha m'mafilimu, pa mtengo wa ma yen 350, ndalama ya ku Japan. Zinali za ana basi. Ankasamba nazo, kuzimenyanitsa pamchenga, ena n'kulemba mayina awo kuphazi. N'chifukwa chake chopezeka chili bwinobwino lero n'chosowa. Marusan inagwa mu 1968, ndipo chaka chotsatira anthu ena ochokera momwemo anatsegula Bullmark n'kupitiriza ntchitoyo.

Tsono kapangidwe kake. Mmisiri amaumba chilombo, n'kuchikopera mu phula longa la makandulo. Chaphulacho amachimiza m'madzi a mankhwala odutsa magetsi, mkuwa n'kumamatirira pang'onopang'ono mpaka utachikuta chonse. Akasungunula phula, chotsala ndi chikombole cha mkuwa chathunthu, chosatsegulika pakati ngati zathu za zidebe ndi mabeseni. Amathiramo pulasitiki ya PVC yamadzimadzi yonga phala la mwana, n'kuviika chikombolecho m'madzi a mankhwala otentha kwambiri. Yokhudza khoma imalimba, yotsala pakati amaikhuthula. Akatenthanso ndi kuziziritsa, amagwira ndi pulayala n'kusolola mutu wonse wa chilombo, nyanga ndi mano omwe, kudzera pakabowo kakang'ono, pulasitiki ikadali yofunda. Apa mpamene ndimawavulira chipewa amisiri amenewa. Akafulumira kuvuula, khungu limapyapyala. Akachedwa, limakhuthala n'kukana kutuluka. Ndipo n'chimodzichimodzi, mwendo paokha, mchira paokha, tsiku lonse pamalo otentha.

Penti amachita kupopera pamanja. Mitundu ya masiku a Marusan ndi Bullmark kawirikawiri sinkatsata ya mufilimu. Ankasankha yowala yokopa mwana m'sitolo, ndipo osonkhanitsa amaikonda chifukwa chomwecho.

Mafakitale ochita zimenezi ndi ang'onoang'ono, ena ali ku Katsushika, kum'mawa kwa Tokyo, dera lodziwika ndi zidole kuyambira kale. Amisiri ambiri ndi achikulire, pamene ofuna kupangitsa achuluka. Wojambula wodziimira payekha amadikira pamzere kuti amupangire zochepa chabe, ndiye pogulitsa nthawi zambiri amachita maere. Ena amapita nazo ku Wonder Festival, chionetsero chochitika kawiri pachaka ku Makuhari Messe ku Chiba, kumene eni ake a zilombo zotchuka amapereka chilolezo cha tsiku limodzi lokha chogulitsira.

Ngati mukufuna kugula chakale, dziwani kuti zambiri zinapangidwanso pambuyo pake, zina pogwiritsa ntchito zikombole zoyambirira zomwe, choncho werengani bwino kuphazi. Kathumba kamene chidole chinabweramo ndi kapepala komata pamwamba pake musataye, zimakweza mtengo. Musachiike padzuwa kapena pafupi ndi moto: penti imafwifwa, miyendo imapindika, chilombo n'kulephera kuima.