Kabuku ka kusikelo kasatsale pamene mukusamukira kunja

Mwezi wathawu kusikelo kumene ndimagwira ntchito kudabwera mayi wina wa ku Chipoka, khanda la miyezi 10 lili kumsana, wina wa zaka 4 atamugwira padzanja. Bambo a kunyumba adapeza ntchito ku Joni, ya basi atumiza, mapasipoti atuluka. Chimene ankafuna kwa ine ndi kakalata koti ana ake adabayitsa katemera yense. Nditafunsa timabuku ta anawo, ka wamng'ono kadalipo. Ka wamkuluyo kadatsala kwa agogo ake, ndipo akuti chiswe chidalawako.

Makolo ambiri amavutika miyezi ndi pasipoti koma kabuku ka kusikelo amakakumbukira tsiku lonyamuka. Chonsecho kunjako namwino kawirikawiri salemba zongomva pakamwa. Amafuna kuona dzina la katemera ndi tsiku limene mwana adabayidwa. Chipsera cha pamkono chimachitira umboni katemera mmodzi yekha, wa BCG. Ngati palibe cholembedwa, m'maiko ngati UK mwana amatha kumutenga ngati sadabayitsepo n'kuyambanso naye. Sizoopsa ku thupi la mwana, koma ndi misozi ndi maulendo opanda pake. Ku America nako sukulu zimafuna umboni wa katemera mwana asanalowe m'kalasi.

Musachite manyazi ndi kabuku kathuka, kali ndi zambiri. Mwana akangobadwa amalandira BCG woteteza ku chifuwa chachikulu ndi madontho a poliyo. Pa masabata 6, 10 ndi 14 amabayidwa pantchafu katemera uja timati penta, wa matenda asanu: kafumbata, chifuwa chokoka mtima, diphtheria (matenda a pakhosi), hepatitis B (matenda a chiwindi) ndi Hib (kachilombo koyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi). Pamenepo palinso wa chibayo, amene adayamba mu 2011, ndi wa rota woteteza kutsekula m'mimba, wa mu 2012. Kuyambira 2023 pa miyezi 9 padawonjezeka wa taifodi. Akatemera amenewa kunja amawadziwa ndipo amawawerengera. Ngati mwana adadumpha wina, sitiyambiranso pachiyambi; timangopitiriza pamene adalekera.

Pamene pamakhala chisokonezo ndi pa chikuku. Kuno timabaya pa miyezi 9 ndi 15, katemera wa chikuku ndi rubella (matenda ofanana ndi chikuku) pamodzi. Timafulumira chifukwa chikuku chili nafe pafupi ndipo chimapha makanda. Ku South Africa amafulumira kuposa ife, amabaya pa miyezi 6 ndi 12. Ku UK ndi ku America amadikira mwana akwanitse chaka, ndipo katemera aliyense wa chikuku amene mwana adalandira asanafike miyezi 12 samuwerengera, popeza pamsinkhu umenewo chitetezo chimene mwana adatengera kwa mayi ake chimatha kufooketsa katemerayo. Komanso wawo, monga MMR, ali ndi gawo la matsagwidi limene wathu alibe. Tsono akakuuzani kuti mwana abayidwenso wa chikuku, musaganize kuti akunyoza zipatala za kwathu kapena akufuna kuyeserera pa mwana wanu. Alolereni. Ku UK adzakuuzaninso za akatemera a matenda oumitsa khosi, monga MenB, amene kusikelo kwathu kulibe.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa ndi ulendo weniweniwo. Basi ya ku Joni ndi masiku awiri kapena kuposa, anthu ali thithithi, mazenera otseka, ndipo chikuku chimayenda mumpweya. Katemera wachiwiri wa pa miyezi 15 ndi amene amayi amakonda kuiwala, mwana akangoyamba kuyenda n'kusiya kubwera kusikelo. Onani tsamba limenelo lero. Thupi limafuna masabata awiri kapena atatu kuti lipange chitetezo, choncho kubayitsa dzulo lake la ulendo n'kuchedwa.

Za yellow fever. Malawi sali m'gulu la maiko amene kuli matendawa, koma Ethiopia ndi Kenya alimo, ndipo ndege zambiri zochokera ku Lilongwe zimadzera ku Addis Ababa kapena Nairobi. Maiko ena, South Africa ndi limodzi mwa iwo, amafuna khadi lachikasu la katemera wa matendawa kwa munthu amene wakhala maola oposa 12 pabwalo la ndege m'dziko lotero. Katemerayu amabayidwa kuyambira miyezi 9, khadi limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10, ndipo kuyambira 2016 limakhala la moyo wonse. Muuzeni wobayayo ngati mwana wangolandira kumene wa chikuku, chifukwa awiriwa amafunika kutalikitsana masabata 4.

Tinthu tiwiri tating'ono timene tingakuvutitseni mukafika. Ku America amayamba kulemba mwezi kenako tsiku, moti 3/9 yathu iwo angaiwerenge kuti 9 Malichi m'malo mwa 3 Seputembala. Pemphani namwino alembe mwezi m'mawu. China, mwana wobayidwa BCG akamuyeza TB pakhungu pamatha kutupa ngakhale alibe matenda. Nenani msanga za BCG, pali njira ina yoyezera magazi imene katemerayu saisokoneza.

Ndipo pobwera kudzacheza kumudzi patapita zaka, musadzanene kuti mwanayu ndi wa kunyanja, malungo adawazolowera. Kachitetezo kaja kamatha munthu akasiya kulumidwa ndi udzudzu wa kuno. Katemera wa malungo, amene Malawi adali woyamba kumupereka kwa ana mu Epulo 2019, ku London kapena ku Johannesburg simukamupeza kusikelo. Mudzafunse mankhwala oteteza musananyamuke, ndipo neti idzakhale yokonzeka.

Mayi a ku Chipoka aja kakalata kongolemba m'mutu sindidawapatse. Kulemba katemera amene sindidamuone n'kunamiza mwanayo. Ndidawatumiza kwa mlangizi wa zaumoyo wa kudera kwawo, amene adafufuza m'kaundula wa kusikelo n'kupeza masiku onse kupatula wa chikuku wachiwiri. Tidamubaya, tidalemba m'kabuku katsopano ndi chidindo, kenako mayiwo adajambula tsamba lililonse pafoni n'kutumizira amuna awo pa WhatsApp. Timabuku tiwiri tija adatikulunga m'kajumbo pamodzi ndi mapasipoti.