Zaka za Mapale a ku Nkope Sazipima pa Dongo

Ambiri amaganiza kuti akatswiri ofukula zakale akapeza phale ku Nkope, kuno ku Mangochi, amapima dongo lake ndi njira ya kaboni-14 kuti adziwe zaka za mphikawo. Zimenezi si zoona. Dongo linalipo kalekale woumba asanalikumbe, ndipo njirayi imagwira pa zinthu zimene zinali zamoyo zokha, chifukwa kaboni-14 ndi mtundu wa kaboni wopezeka m'zamoyo zonse, ndipo chamoyo chikafa, kaboni-14 wake amachepa ndi theka pa zaka 5,730 zilizonse. Choncho amapima makala kapena mafupa opezeka m'dothi limodzi ndi phalelo, nthawi zina mwaye womatirira kunsi kwa mphika, ndipo phale longotola pamtunda limakhala litataya umboni wambiri wotere. Makala ndiwo anasonyeza kuti ku Nkope, kumene katswiri wofukula zakale Keith Robinson anafukula m'ma 1960, anthu ankaumba mbiya zaka zoposa 1,500 zapitazo.