Lumo lachitsulo cholimba: vuto si lumo, vuto ndi changu chanu

Funso lomwe limandipeza kawirikawiri ine wometa kuno kwa Kamwendo ku Mchinji, makamaka kwa anyamata omwe apeza lumo lopinda lija la agogo awo kapena alitola pa kaunjika, ndi lakuti "akulu ndanola mpaka dzanja kuwawa koma likungokoka ndevu, kodi lumoli linatha?" Nthawi zambiri silinathe ayi. Kungoti chitsulo chake ncholimba ndipo inu mukulinola ngati chikwanje.

Tiyambire apa. Kulimba kwa chitsulo amayeza pa sikelo ya Rockwell, amalemba HRC. Mpeni wamba wakukhitchini umakhala cha m'ma 55 umo, pomwe malumo ambiri ali pakati pa 58 ndi 62, ena amapitilira pang'ono. Manambalawa akuoneka ngati oyandikana koma pamwala kusiyana kwake mumakumva m'dzanja. Malumo akale a ku Sheffield ku England ambiri ndi ofewerapo, amamvera msanga. A ku Solingen ku Germany, monga a Dovo, ali pakatikati. Koma mukapeza lolembedwa Eskilstuna, lochokera ku Sweden, kapena ena a Thiers-Issard a ku France, konzekani kukhala pansi ndithu. Ubwino wake ngwakuti likathwa limakhalitsa. Kuipa kwake limadya nthawi, komanso mukalipanikiza silipindika ngati chofewa chija, limabenthuka tizibenthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, nde mawa lake nkhope yonse kuyabwa ngati mwadzola chitedze.

Chonde chonde musapite nalo kwa owotcherera kuti akunolereni pa gilayinda. Lumo ndi lopyapyala kwambiri kumapeto kwake, likangotentha nkusintha mtundu kukhala labuluu, kulimba konse kuja kwapita pamalo pamenepo ndipo sikubwereranso. Anthu aja ntchito yawo amaidziwa, makasu ndi nkhwangwa amanola bwino, koma iyi si ntchito yawo.

Chomwe ambiri sadziwa nchakuti lumo linapangidwa ndi kapendekedwe kake kale. Msana wake wonenepa uja sanauike kuti likongole. Mukaligoneka pamwala, msana ndi mbali yakuthwa zonse zigunde mwala nthawi imodzi, ndipo mbali ziwiri za lumolo, yakumanja ndi yakumanzere, zimakakumana pakuthwapo pa madigiri pafupifupi 15 mpaka 17 popanda inu kuganizira kanthu. Mpeni timaudzutsa msana ponola, lumo ayi. Mukangodzutsa msana kamodzi kokha mwabwezera ntchito mmbuyo. Mumalikankha mbali yakuthwa ili patsogolo, mukuliyendetsa chamtanda pang'ono kuti kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga konse kukhudze mwala, mukafika kumapeto mumalitembenuzira pamsana, osati pakuthwa, nkubwerera. Ena amamata tepi ya magetsi yakuda ija pamsana kuti usadyeke. Pa chitsulo cholimba ine ndimamata, chifukwa mukhalitsa pamwala ndipo msana ungathe phwatalala, komanso tepiyo imakweza msana pang'ono nde kuthwa kwake kumakhala kolimbirapo. Koma mukayamba ndi tepi mumalize ndi tepi, ndipo ikadyeka musinthe.

Tsopano pamene pagona nkhani yonse: mwala wa 1000. Nambala ikamakwera mwala umakhala wosalala kwambiri, 1000 ndi wokhakhala, 4000 wapakati, 8000 wosalala, 12000 wopukutira basi. Aliyense amathamangira wa 8000 ndi 12000 poti ndi omwe amawalitsa, koma miyala imeneyo sithwetsa lumo lobuntha, imangosalaza zomwe wa 1000 wachita kale. Ntchito ya 1000 ndi kupangitsa mbali ziwiri zija, zomwe timati bevel, kuti zikumane zenizeni kuchokera kuchigwiriro mpaka kunsonga. Ngati sizinakumane, mukhoza kupukuta mpaka lumo kumaoneka nkhope yanu koma ndevu silidula.

Mudziwa bwanji kuti zakumana? Tengani maka yakuda, mupake kamzere kopendekera kaja mbali zonse, mudikire iume, kenako muyendetse pamwala kawiri katatu. Yang'anani padzuwa. Pomwe inki yachoka ndi pomwe mwala ukugunda. Kawirikawiri mudzaona pakati payera mbee koma kunsonga kapena kufupi ndi chigwiriro kwatsala kamzere kakuda kopyapyala ngati ulusi, penipeni pakuthwapo. Kaulusi kameneko ndiye mdani wanu, musachoke pa 1000 kasanathe. Njira ina, litembenuzeni kuthwa kuloze kumwamba pansi pa tochi ya foni. Lumo lakuthwa silinyezimira pakuthwapo, pamangooneka ngati palibe kanthu, nde mukaona kadontho kakuwala dziwani kuti pamenepo mpobuntha kapena pabenthuka. Likakhala lakonzeka, liyenera kumeta ubweya wapamkono mosavuta paliponse pomwe mwayesa, likadali pa 1000 pomwepo. Pa lumo lofewa izi zingatenge mphindi zochepa, pa lolimba ola likhoza kutha, nthawi zina mumasiya nkudzapitiriza mawa. Musawerenge kuti ndayendetsa kangati, muziona lumolo.

Ndipo apa mpomwe anthu amagwa, akaona kuti zikuchedwa amayamba kutsindika. Nthawi zambiri lumo limakhala lokumbika m'mbali, lopyapyala moti mukalitsindika limanyutuka, nde mwala umadya kumtunda kwa bevel pomwe penipeni pakuthwa patukuka sipakugunda. Mukudya chitsulo chaulele. Poyambirira penipeni kamphamvu pang'ono nkololedwa, koma mukamayandikira kumapeto lisiyeni lumo lidzilemera lokha, chala chanu chingolitsogolera.

Mwala nawonso uyenera kukhala wathyathyathya. Lembani mizere ya pensulo pamwamba pake, muukhule pa sandipepala yamadzi yomwe mwaiyala pagalasi, mizere yonse ikafufutika ndiye kuti walungama. Mwala wa mbali ziwiri uja wamuhadiweya, wotuwa wonolera mipeni, ngokhakhala kwambiri, pa lumo ayi.

Ndikudziwa mukufunsa kale kuti miyala imeneyi ku Mchinji kuno tiipeza kuti. Zoona, siipezeka chisawawa. Ya makampani a Naniwa, Shapton ndi King ndi ya ku Japan, Norton ali ndi wa mbali ziwiri 4000 ndi 8000, ndiye pali wachilengedwe wachikasu wa ku Belgium wotchedwa coticule, womwe uli ndi timiyala ta garnet mkati mwake ndipo umasiya lumo lofatsa pakhungu. Ambiri timachita kutuma abale a ku Joni kapena kuitanitsa pa intaneti. Podikira, sandipepala yamadzi ya openta magalimoto, P1500 ndi P2000, mutainyowetsa nkuiyala pa galasi la luva, imagwira ntchito ya mwala woyamba uja. Kungoti manambala a P ndi a miyala ya ku Japan sawerengedwa mofanana, P2000 musaiyese yosalala, ili chapafupi ndi mwala wa 1000 womwewo. Yokha singakufikitseni pometa ndevu bwinobwino. Mbale zonolera zokutidwa ndi tizidutswa ta dayamondi zimadya msanga zedi koma pa chitsulo cholimba zimakanda mozama ndipo ndi zomwe zimayambitsa kubenthuka, ine ndimangolungamitsira miyala basi.

Bevel ikakumana zotsalazo nzachangu. Pa 4000 mukuchotsa mikwingwirima ya 1000, muziona ndi kamera ya foni mutakuza mpaka mizere yokhakhala ija ithe. Pa 8000 bevel imayamba kuwala ngati kalilole, ndipo lumo lonoledwa bwino pa 8000 limameta kale. 12000 ndi yongowonjezera kufewa. Ngati pa 8000 mwaona tizibenthu tabwera, musapitirire, bwererani pa 4000 ndi dzanja lopepuka. Madzi asaume pamwala, ndipo lumo muzilitsuka musanasinthe mwala, kamchenga kamodzi ka 1000 kakagwera pa 8000 kamalemba mzere wake.

Pomaliza ndi chikopa. Apa zinthu zimatembenuka, msana ndi womwe umatsogola, kuthwa kumatsatira pambuyo, apo ayi mudula chikopacho. Chikokeni chilimbe, chisagwe pakati, yendetsani modekha maulendo ngati 40 kapena 50, kutembenuza mpamsana pomwe paja. Chikopa sichinola kwenikweni, chimangowongola ndi kupukuta penipeni pakuthwa, nchifukwa chake mumachita izi nthawi iliyonse musanamete. Lamba wachikopa chenicheni wosalala, wopanda zosokedwa ndi maluwa, amathandiza. Kuli mankhwala obiriwira a chromium oxide omwe amapaka pansalu kapena pachikopa china chapadera, maulendo 5 mpaka 10 akwana, osapaka pa chikopa chanu cha tsiku ndi tsiku.

Kuyesa kwa tsitsi kuja, kogwira tsitsi limodzi m'malere nkuligunditsa pa lumo kuti liduke lokha, kwa ife kumavutirapo poti tsitsi lathu ndi lalifupi komanso lopotana, ndipo la wigi kapena mesh ndi pulasitiki silikuuzani zoona. Yesani pa ubweya wapamkono osagunda khungu, likamaugwira nkumadula m'mwamba ndiye lafika. Koma woweruza weniweni ndi tsaya lanu, ndevu zitanyowa bwino ndi madzi ofunda ndi sopo. Likamakoka, makamaka pachibwano, 1000 ikukuitananinso.

Chinthu china ndisaiwale poti ndine wometa. Lumo lamtunduwu ndi la munthu mmodzi. Mu babashopu timagwiritsa ntchito chogwirira chija chosintha lezala, kasitomala aliyense lezala lake latsopano, chifukwa kachilombo ka hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo pachitsulo kwa sabata yathunthu, ndipo nkhani ya HIV mukuidziwa kale. Musabwerekane ngakhale ndi achimwene anu. Mukameta lipukuteni liume, makamaka pakati pa zogwirira pomwe pamabisala madzi, ndipo nyengo yamvula ikayamba muzidonthezapo oilo wa makina osokera, chifukwa ambiri mwa malumowa si stainless, usiku umodzi lili lonyowa m'bafa mmawa mupeza madontho a dzimbiri penipeni pakuthwa paja.