Khansa ya m'mapapo inasamuka, ife tikuisakabe pamalo akale

"Adokotala, ine fodya sindinamulawepo chibadwire. Nanga nthenda ya anthu osuta yandipeza bwanji?"

Anandifunsa choncho mayi wina wowamba nsomba m'mbali mwa nyanja, buku lake la kuchipatala litathothoka chikuto chifukwa choyenda m'manja ambiri. Makhololo anapimitsa kawiri, TB sinapezeke. Mankhwala a TB anamwabe miyezi isanu ndi umodzi, poti kwathu kuno munthu wokhosomola ndi kuwonda timangoti ndi chifuwa chachikulu. Sindinyoza amene anamulembera mankhwalawo, nanenso ndinachitapo zomwezo. Koma chithunzi cha pachifuwa chitajambulidwa, kunsonga kwa phapo lakumanja kunali chotupa chonga ndimu yaing'ono.

Funso la mayiyu likanakhala lomveka zaka 60 zapitazo. Lero lili m'mbuyo, chifukwa khansa ya m'mapapo si imodzi, ndipo mtundu umene ukutsogola panopa si umene unkatsogola kale.

Tayerekezani kuti mapapo ndi mtengo wa mango wozondoka. Thunthu ndi kholingo, nthambi zikuluzikulu ndi mipita yaikulu ya mpweya, ndipo masamba ndi timatumba tomwe mpweya umalowera m'magazi. Mitundu iwiri, squamous ndi small cell, imakonda kumera pafupi ndi thunthu, ndipo pafupifupi nthawi zonse imayenda ndi fodya. Squamous imachita phokoso msanga: imatseka mpita, munthu nkumakhosomola magazi. Mtundu wachitatu, adenocarcinoma, umamera kumasamba, kutali ndi kumene chikhosomo chimayambira. Umakula mwakachetechete, ndipo ambiri amafika kwa ife madzi atadzaza kale m'chifuwa, kapena akudandaula msana.

Mu 1950, pamene Richard Doll ndi Austin Bradford Hill ku Britain anasonyeza kuti fodya ndiye gwero la nthendayi, squamous ndiye anali mfumu, makamaka pakati pa abambo. Pofika m'ma 1990, ku America adenocarcinoma anali atalanda mpandowo. Small cell naye anatsika kumeneko, kuchoka pa anthu 17 mwa odwala 100 mu 1986 kufika pa 13 mu 2002. Bungwe la IARC, lomwe limawerengera khansa padziko lonse, linapeza kuti mu 2022 anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mapapo, ndipo adenocarcinoma anali pafupifupi 46 mwa abambo 100 odwala, ndi pafupifupi 60 mwa amayi 100.

Chinasintha nchiyani? Choyamba ndi ndudu yeniyeniyo. M'ma 1950 makampani anayamba kuika kathonje kosefa utsi kumapeto kwa ndudu, nkumalengeza kuti tsopano fodya wafatsa. Anafatsadi pakhosi. Amene anakokapo chingambwe amadziwa kuti utsi wake umakanda, sungaumeze mozama osatsamwa. Wa ndudu ya kathonje ndi wosalala, ndiye wosuta amaukoka mwamphamvu kuti apeze chikonga chomwe thupi likufuna, utsi nkufika kumasamba kwenikweni. Kusefa kuja sikunachotse khansa, kunangoisamutsa. Lipoti la mkulu wa zaumoyo ku America la 2014 linanena mosapita m'mbali kuti kusintha kwa kapangidwe ka ndudu ndiko kunakweza chiopsezo cha adenocarcinoma.

Pali mbali ina imene imatikhudza ife alimi. Ndudu zambiri zamakono zimasakanizidwa ndi fodya wa bale, yemwe Malawi imalima kwambiri, ndipo bale ali ndi mankhwala ochuluka otchedwa nitrosamines amene amadziwika kuti amayambitsa adenocarcinoma. Ndikadutsa zigafa za ku Namwera ndimaganiza zimenezi, ngakhale sindiiwala kuti ndi zigafa zomwezo zimene zaphunzitsa ana ambiri sukulu.

Komanso maso athu achipatala anatseguka. Zotupa zambiri zomwe kale zinkangotchedwa large cell, poti sizinkadziwika bwino, lero akazipaka mankhwala apadera ku labotale zimapezeka kuti ndi adenocarcinoma.

Nanga mayi uja? Pakati pa anthu osasuta amene amadwala khansa ya m'mapapo, adenocarcinoma ndiye wochuluka, ndipo amayi ndi ambiri m'gululi. Mu 2013 IARC inalengeza kuti mpweya woipa wapanja umayambitsa khansa. Utsi wa malasha a pansi m'nyumba unatsimikizika kale, umboni waukulu unachokera ku Xuanwei ku China, kwa amayi osasuta ophikira malashawo. Utsi wa nkhuni IARC inauika m'gulu la zinthu zomwe zikuganiziridwa kwambiri kuti zimayambitsa khansa. Tsono taganizirani munthu amene wakhala zaka 30 ataweramira ng'anjo yowambira utaka ndi mlamba, madzulo nkukalowanso m'kakhitchini kopanda zenera, maso ali psuu, akupemerera moto pamafuwa. Onjezani pamenepo utsi wa bambo wosuta m'nyumba. Kachilombo ka HIV nako kamakweza chiopsezo, ndipo agogo athu amene anakumba migodi ya ku Joni anabwerako ndi fumbi la miyala m'mapapo.

M'kaundula wa khansa ku Malawi, ya m'mapapo imaoneka yochepa poyerekeza ndi ya khomo la chiberekero, Kaposi ndi ya kum'mero. Ine chiwerengero chochepacho sindichikhulupirira kwenikweni. Kuti khansayi ilembedwe, pamafunika kudula kanyama ka chotupacho nkukapima, ndipo kwa wodwala wa ku Makanjira kapena Malembo zimenezi zikutanthauza ulendo wa ku Zomba kapena ku Queens ku Blantyre. Ambiri amatsikira kuli chete dzina la TB lili m'buku.

Kudziwa mtundu kuli ndi phindu, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Kuyambira 2004 zinadziwika kuti adenocarcinoma wina, makamaka wa osasuta, ali ndi chilema china m'jini (kalangizo ka m'maselo a thupi) yotchedwa EGFR, ndipo chotupa chotere chimamva mapiritsi akumwa. Choncho ngati mwakhosomola kupitirira masabata atatu, makhololo sakusonyeza TB, kapena mwamwa mankhwala a TB miyezi iwiri osasintha, bwererani mukapemphe kujambulidwa pachifuwa, ndipo munene ntchito yanu. Mayi uja palibe anamufunsapo ntchito yake m'maulendo onse aja. Ine ndinadziwa chifukwa cha fungo la utsi wa nsomba pachitenje chake.