Bondo la mwana likamatupa mobwerezabwereza popanda kuvulala

Ambiri mwa odwala amene timawaona ku kiliniki ya mafupa kuno ku Kasungu amakhala oti athyoka mwendo pa ngozi ya kabaza kapena agwa mumtengo wa mango, ndipo vuto lawo limaonekeratu pa X-ray. Mtsikana wina wa zaka 13, amene anabwera ndi azakhali ake m'nyengo yosoka fodya, anali ndi nkhani yosiyana. M'buku lake la kuchipatala munali mutalembedwa zinthu zomwezomwezo kwa zaka zitatu: bondo lakumanja lotupa, mankhwala opha ululu, bandeji, kenaka pakapita miyezi ingapo n'kubweranso. Mwanayo anali asanagwepo, ndipo pabondopo panali zipsera za mphini. Nditafunsa kuti, "Mayi, kodi bondoli likatupa, thupi limatentha?" iwo anayankha kuti, "Ayi adokotala, koma mwanayu anasiya kugwada akamapereka madzi kwa alendo, mpaka ena akumuyesa wamwano." Titalowetsa singano m'bondomo, m'malo mwa timadzi tachikasu munatuluka magazi okhaokha.

Mkati mwa bondo muli kachikopa kopyapyala kamene kamakuta mfundo yonseyo ndi kutulutsa timadzi toterera kuti mafupa asamakhulane. Mwa anthu ochepa kwambiri, mitsempha ya magazi ya m'kachikopa kameneka imakula mopiringizana n'kupanga chotupa chofewa, chodzadza magazi, chimene madokotala amachitcha synovial haemangioma. Dokotala wa ku France, Bouchut, ndi amene anayamba kulemba za matendawa m'chaka cha 1856. Chotupachi si khansa ndipo sichifalikira m'thupi. Akatswiri ambiri masiku ano amachiona ngati mitsempha imene sinapangike bwino kuyambira pachiyambi. Chimapezeka makamaka mwa ana ndi achinyamata, ndipo bondo ndi limene limakhudzidwa kwambiri, ngakhale chimatha kumeranso m'chigongono kapena m'kakolo. Mitsempha imeneyi ikapanikizika pakati pa mafupa, monga pamene mwana akuthamanga, kusewera netiboli kapena kunjuta, imatha kuchucha magazi. Bondo limatupa, limapweteka, limakana kupindika, ndipo magaziwo akauma limaphwa, makolo n'kuganiza kuti mankhwala agwira ntchito.

Vuto lalikulu pa matendawa, mmene ine ndimaonera, ndi kuchedwa kuwazindikira, ndipo sindiimba mlandu makolo okha, chifukwa ngakhale ife achipatala timayamba kuganizira matenda amene timakumana nawo kawirikawiri. Bondo lotupa, lotentha, mwana akutenthanso thupi lonse, timaopa mafinya, ndipo amenewo safuna kugonetsa. Bondo lotupa pang'onopang'ono, mwana akuwonda, timaganizira TB ya m'mafupa. Mnyamata amene akavulala magazi amachedwa kusiya, timamuyeza matenda a haemophilia, amenenso amadzadza magazi m'bondo, ndipo timafunsa ngati amalume ake ali ndi vuto lomwelo popeza matendawo amadzera kuchimayi. Palinso chotupa china cha m'kachikopa komweko, chotchedwa PVNS, chimene chimafanana kwambiri ndi ichi koma chimakonda akuluakulu. Zonsezi zikachotsedwapo, bondo n'kumangotupabe ndi magazi, m'pamene tiyenera kukumbukira chotupa cha mitsempha. Chizindikiro chimene ndimachidalira ndi ntchafu: tikayeza ndi tepi miyendo yonse iwiri pamwamba pa bondo, yodwalayo imapezeka yowonda, chifukwa mwana wakhala akuusunga mwendowo kwa nthawi yaitali. Mwa ena chotupacho chimakula mwendo ukalendewera pansi, n'kuchepa ukakwezedwa m'mwamba.

X-ray nthawi zambiri sionetsa kanthu, chifukwa imaona bwino mafupa osati mnofu, ngakhale mwa ena imaonetsa timiyala ting'onoting'ono toyera timene timapangika magazi akaundana m'mitsempha. Choncho mawu oti "X-ray ili bwinobwino" satanthauza kuti bondo lili bwino. Sikani, yomwe ija amaunikira amayi oyembekezera, imathandiza kuona chotupa ndi mmene magazi akuyendera mkati mwake. Koma chimene chimaonetsa kukula kwake kwenikweni, ndi ngati chalowerera m'minofu yozungulira, ndi MRI, makina ojambula bwino minofu ya mkati mwa thupi, ndipo makina amenewa amapezeka m'zipatala zochepa za ku Lilongwe ndi Blantyre. N'chifukwa chake timalemba kalata yotumiza wodwala ku Kamuzu Central Hospital, kumene kuli chipatala cha mafupa cha LION, kapena ku Beit CURE ku Blantyre, kumene amathandiza ana. Ulendo wa ku Lilongwe, wa makilomita oposa 120, si wapafupi kwa banja limene likudikira ndalama za fodya, koma kumangopopa magazi m'bondo mwezi ndi mwezi sikuchotsa chotupacho, ndipo singano iliyonse, monganso lumo la mphini, ndi khomo limene tizilombo tingalowerepo.

Chithandizo chachikulu ndi opaleshoni. Chotupa chikakhala chaching'ono ndi cha malo amodzi, dokotala amatha kuchichotsa poboola timabowo tiwiri kapena titatu n'kulowetsa kamera ndi zipangizo zake, ndipo wodwala amachira msanga. Chikakhala chomwazikana, amang'amba bondo n'kuchotsa chotupacho pamodzi ndi kachikopa kamene kakhudzidwa, ndipo apa pamafunika kukonzekera magazi chifukwa mitsempha yotere imachucha kwambiri. Kumene kuli akatswiri ndi zipangizo, amathanso kubaya mankhwala oumitsa mitsemphayo kapena kutseka mtsempha umene ukudyetsa chotupacho asanachite opaleshoni. Chimene chachotsedwa chimapita ku labotale kuti akachione pa maikulosikopu, ndipo yankho la kumeneko ndi limene limatsimikiza dzina la matenda.

Wina angafunse kuti, ngati si khansa, bwanji osangochisiya? Magazi akamakhala m'bondo mobwerezabwereza amadya chichereŵechereŵe chimene chimakuta nsonga za mafupa, ndipo chimenechi chikatha sichimeranso, kotero kuti munthu wa zaka 20 amatha kukhala ndi bondo la nkhalamba. Mwa mwana amene akukulabe, kuchuluka kwa magazi pafupi ndi malo okulira mafupa kumatha kutalikitsa mwendo wodwalawo kuposa unzake.

Mtsikana uja anachitidwa opaleshoni ndipo anabwerera kuno kudzapitiriza mafizo, amene ntchito yake ndi kubwezeretsa mphamvu ya ntchafu ndi kuphunzitsanso bondo kupindika. Popeza chotupa chomwazikana chimatha kumeranso ngati kachidutswa kena kanatsalira, tinagwirizana ndi azakhali ake kuti azibwera naye nthawi ndi nthawi, komanso tsiku lililonse limene bondolo lingatupenso. Ulendo uliwonse timayeza ntchafu zonse ziwiri ndi tepi n'kulemba manambala ake m'buku lomwe lija.