Kumpoto kwa America sikunali kogwirizana ayi

Kuno ku Mzuzu nkhani ya federalism ikangoyamba, kaya mu minibasi ya ku Luwinga kaya pa Mzuni, sipalephera kupezeka munthu wonena kuti pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ija (1861 mpaka 1865) Kumpoto konse kunali pambuyo pa pulezidenti Abraham Lincoln, ofuna kudzipatula anali Kummwera kokha. Ayi ndithu abale, sizinali choncho.

Lincoln mantha ake ena anali pakhomo pomwepo. Likulu la dzikolo, Washington, lili pakati pa Virginia, yomwe inachoka mu Union (mgwirizano wa zigawo za America), ndi Maryland komwe kunali akapolo komanso anthu ambiri okonda Kummwera, ndiye Maryland ikanangochoka basi likulu likanazingidwa mbali zonse. Pa 19 April 1861 chigulu cha anthu ku Baltimore, mzinda wa ku Maryland, chinagenda asilikali aku Massachusetts omwe ankadutsa kupita ku Washington, anthu anafa mbali zonse ziwiri, kenako milatho ya njanji inawotchedwa. Pasanathe masabata awiri Lincoln analola asilikali kumanga anthu osawatengera kukhoti, pofika September aphungu ena a Maryland anali m'chitokosi.

New York nayonso! Meya wake Fernando Wood mu January 1861 anati mzindawo ungodziimira pawokha, nkhani yake inali bizinesi ya thonje lochokera Kummwera. Mu July 1863 kunabuka zipolowe zokana usilikali wokakamiza poti wolemera ankangolipira $300 n'kupulumuka, koma chomvetsa chisoni ukali wambiri unathera pa anthu akuda, ena anaphedwa ndipo nyumba yosungira ana awo amasiye inawotchedwa.